Kukwerera Doko Lina, Kutsikira Lina: Mmene Wapaulendo Angapezere Ndege Yosaboola M'thumba

Anthu a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kufikira ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma kumalire ndi Dowa, ngakhale anabadwira kutali ndi nyanja, pakati pa minda ya fodya, mtedza ndi chimanga, sanakhalepo anthu oopa ulendo. Agogo awo anayenda pansi masabata ambiri kunka ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho. Atate awo anakwera ndege za Wenela, bungwe lolemba anthu a kumigodi, zimene zinkawatula ku Francistown m'dziko la Botswana kuti sitima ya pamtunda iwatenge kunka ku migodi ya ku Joni, kufikira tsiku lachisoni lija la 4 Epulo 1974, pamene ndege ina inagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Koma m'masiku amenewo munthu sankadziwerengera yekha njira, pakuti kalaliki wa Wenela ndiye ankadziwa pokwerera, potsikira ndi pogona, ndipo wapaulendo ankangosunga chitupa chake m'thumba la malaya, namvetsera dzina lake likamaitanidwa.

Lero zinthu zatembenuka. Ana a m'midzi yomweyi ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ena ali ku Ulaya. Ndipo alipo ena mwa iwo amene, Mulungu atadalitsa ntchito ya manja awo, amafuna kulemekeza makolo amene anawalera ndi khasu powaitana kuti adzaone nyanja yamchere ndi kugona masiku angapo m'sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okapuma. Aliponso aphunzitsi ndi anamwino opuma pantchito, ndi akhristu olakalaka kuona ndi maso awo madoko amene mtumwi Paulo anapitamo. Onsewa, tsiku lina, amagundana ndi funso limodzi: sitima ikanyamukira padoko lina nikathera ulendo wake padoko lina, kodi tikiti ya ndege igulidwe motani kuti isadye ndalama zoposa za sitimayo? Yankho lake nlakuti ulendo wotere uyenera kuwerengedwa wathunthu, kuchokera pakhomo la nyumba kufikira pakhomo lomwelo, monga mlimi wa fodya amene satchula phindu lake poona mtengo wa ku okushoni wokha, koma atayamba wachotsa za feteleza, za ziguduli, za galimoto ndi za msonkho.

Phunziro la pa nyanja yathu

Nzeru imeneyi sitiyenera kukaibwereka kutali, chifukwa nyanja yathu yomwe yakhala ikuiphunzitsa kwa zaka zoposa 70. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, nibwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951, imayenda sabata ndi sabata kuchokera kumwera kunka kumpoto, kuima m'madoko monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay, kufikira ku Chilumba. Munthu wa ku Namitete wofuna kuona nyanja akhoza kukakwerera ku Monkey Bay, naona tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera chimene anayamba kuchimanga pa Likoma mu 1903, natsikira ku Nkhata Bay. Ndipo palibe wanzeru amene, atatsika pamenepo, angabwererenso ku Monkey Bay kuti akayambire komweko ulendo wa kumudzi, pamene basi ya ku Mzuzu ndi Kasungu ikhoza kumfikitsa ku Lilongwe molunjika. Wosiya galimoto yake padoko lokwerera ndiye amalipira kawiri, chifukwa wadzimangirira kumalo kumene sitima sidzamubwezako msanga.

Ilala imatiphunzitsanso chinthu china. M'miyezi yozizira, mphepo ya mwera ikawinduka, sitima imachedwa, ndipo palibe kapitawo amene angalamule mafunde kuti atonthole chifukwa wina ali ndi tikiti ya ndege. Wotsikira pa Likoma n'cholinga chokwera kandege kakang'ono kobwerera ku Lilongwe ayenera kudziwa kuti mipando ya tindege totere njowerengeka, katundu wololedwa ngwochepa, ndipo pakati pa kufika kwa sitima ndi kunyamuka kwa ndege payenera kukhala danga la tsiku lathunthu. Ziwiri izi, kusadzimangirira kudoko lokwerera ndi kusiya danga, ndizo maziko a zonse zimene zitsatire.

Sitima za ku Durban ndi Cape Town

Kwa Mmalawi, sitima zikuluzikulu zokapumiramo zimene zili pafupi ndizo za ku South Africa, kumene kampani ya MSC Cruises imabweretsa chombo chake nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala kufikira cha mu Epulo. Maulendo ambiri amanyamukira ku Durban, kunka ku Pomene kapena ku Portuguese Island m'dziko la Mozambique, nabwerera ku Durban komweko, ndipo amenewa savuta. Koma alipo ena amene amayambira ku Durban nathera ku Cape Town, kapena kuyambira ku Cape Town nathera ku Durban. Ndiponso poyamba ndi potsiriza pa nyengo, chombo chimayenda masabata angapo pakati pa Ulaya ndi South Africa. Maulendo osabwerera pomwe anayambira amenewa kawirikawiri mtengo wake wa patsiku umakhala wotsika, popeza kampani iyenera kusuntha chombo chake ndithu, kaya muli anthu kaya mulibe. Ndipo apa mpamene ambiri amakopeka, nalipira chipinda msangamsanga, asanafunse za ndege. Akale anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Lamulo loyamba ndi ili: musalipire sitima musanaone mtengo wa ndege wa masiku omwewo.

Njira zogulira tikiti

Tiyerekeze bambo ndi mayi a kwa Kabudula amene mwana wawo wawalipirira sitima yonyamuka ku Durban, yokathera ku Cape Town. Pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983, palibe ndege yolunjika ku Durban kapena ku Cape Town. Njira yachidule imadzera ku Johannesburg, kaya ndi ya Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 boma lathu litagwirizana ndi Ethiopian Airlines, kaya ndi ya Airlink ya ku South Africa. Pamaso pa banja limeneli pali njira zinayi.

Yoyamba, imene imabwera msanga m'maganizo, ndiyo kugula tikiti yopita ku Durban ndi kubwerera, kenaka n'kuwonjezerapo ndege ina yochokera ku Cape Town kunka ku Durban. Njira imeneyi imataya ndalama ndi tsiku lomwe, chifukwa imazunguliritsa nkhalamba maola awiri kunka kum'mawa kuti zikakwere ndege yopita ku Johannesburg, kumene zikanafika molunjika. Ndipo wina asaganize kuti angadumphe gawo la Durban n'kukadikirira ndege yake ku Johannesburg, pakuti m'malamulo a makampani ambiri a ndege, munthu akapanda kuoneka pa gawo limodzi la tikiti yake, magawo onse otsala amafafanizidwa.

Yachiwiri ndiyo kugula matikiti awiri a njira imodziimodzi, ina yopitira, ina yobwerera. Pa maulendo odutsa malire a mayiko, makampani akuluakulu kawirikawiri sagulitsa tikiti ya njira imodzi pa theka la mtengo wa yopita ndi kubwerera, koma moposerapo ndithu. Motero awiri otere akaphatikizidwa, mtengo wake umatha kupweteka koposa njira zina zonse.

Yachitatu ndiyo imene ambiri saidziwa, ngakhale ili poyera pa tsamba la intaneti la pafupifupi kampani iliyonse ya ndege, pambali pa mawu osankhira ulendo wa njira imodzi ndi wobwerera, pamene palembedwa kuti multi-city. Pamenepo munthu amalemba kuti achoka ku Lilongwe kunka ku Durban tsiku lakuti, nadzachoka ku Cape Town kunka ku Lilongwe tsiku lakuti, zonse pa tikiti imodzi. Kawerengedwe kake kawirikawiri nkotere: kampani imatenga theka la mtengo wopita ndi kubwerera ku mzinda woyamba, niphatikiza ndi theka la mtengo wopita ndi kubwerera ku mzinda wachiwiri. Mwa chitsanzo chongothandiza masamu, ngati wa ku Durban uli madola 600 ndipo wa ku Cape Town uli madola 700, tikiti yotere idzakhala pafupi ndi madola 650, kusiyana kwake kukhala kwa misonkho ya mabwalo. Wosadziwa kompyuta asachite manyazi, angouza wogulitsa matikiti momveka kuti, "Ndikukatsikira ku Durban, koma pobwera ndidzakwerera ku Cape Town, ndiwerengereni pa tikiti imodzi."

Yachinayi ndiyo kugula tikiti ya Lilongwe ndi Johannesburg yopita ndi kubwerera, n'kugula padera timaulendo tiwiri ta m'kati mwa South Africa, ola limodzi kunka ku Durban ndi maola awiri kuchokera ku Cape Town, ku makampani otsika mtengo monga FlySafair, amene amagulitsa njira iliyonse payokha popanda kulanga wogula njira imodzi. Nthawi zambiri njira imeneyi imaoneka yotsikitsitsa, ndipo nthawi zina imaterodi. Koma ili ndi minga imene iyenera kuonedwa bwino.

Minga ya tikiti yotsika mtengo

Taonani makolo athu aja atatera pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg. Ayamba aima pamzere wautali wodinditsa mapasipoti. Kenaka adikira masutikesi awo pa lamba wozungulira. Adutsa kwa a kasitomu. Akankha ngolo ya katundu m'makonde aataliatali kufunafuna mbali ya ndege za m'dziko momwemo, bambo atagwira mapepala m'dzanja limodzi, mayi akumanga bwino chitenje chimene chamasuka ndi liwiro. Zonsezi zimadya nthawi. Ngati ndege ya ku Lilongwe inachedwa, ndipo ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, kampani ili ndi udindo wowaika pa ndege yotsatira popanda kulipiranso. Koma ngati matikiti ndi osiyana, kampani yachiwiri siwerengera kuti yoyamba inachedwa, ndipo tikiti imene yaphonyedwa ikhoza kutayika yonse. Choncho wosankha njira yachinayi asiye maola ambiri pakati pa ndege ziwirizo, kapena agone kwa mwana kapena mbale ku Johannesburg. Ayang'anitsitsenso dzina la bwalo, chifukwa mzindawu uli ndi bwalo lachiwiri lotchedwa Lanseria, limene lili kutali ndi OR Tambo, ndipo ndege zina zotsika mtengo zimanyamukira kumeneko.

Munga wina ndi wa katundu. Mtengo wotsikitsitsa wa makampani otere sukhala ndi sutikesi m'kati mwake, koma kachikwama kam'manja kokha. Sutikesi imalipiridwa padera, ndipo kulipirira pabwalo kumakhala kodula koposa kulipiriratu pogula tikiti. Tonse tidziwa kuti mayi wa ku Nsaru sapita kwa mwana wake chimanjamanja: muli ufa woyera, muli nsinjiro, muli mfutso, ndipo sikelo ya ku Lumbadzi ilibe chibale. Mphatso zoterezi ziyesedwe kulemera kwake kunyumba, afunsiretu ngati dziko lolowamo likuzilola, ndipo zisiyidwe kwa mwana munthu asanalowe m'sitima.

Potsiriza pali mtunda wa pakati pa bwalo la ndege ndi doko. Bwalo la King Shaka lili pafupifupi makilomita 35 kumpoto kwa mzinda wa Durban, ndipo galimoto yokafikitsa kudoko iyenera kulowa m'chiwerengero, pamodzi ndi chipinda chogona ndi chakudya cha usiku umenewo.

Sitima sidikira mfumu

Usiku umenewo suyenera kuonedwa ngati ndalama yotayika, chifukwa ndiwo mlonda wa ndalama zina zonse. Sitima yonyamula anthu zikwi sidikira munthu mmodzi, ngakhale atakhala mfumu ya ndodo, ndipo zipata zake zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane. Wofika mochedwa amaona chombo chikutuluka padoko, ndalama zake zili momwemo. Tikumbukirenso kuti nyengo ya sitima za ku South Africa ndiyo dzinja lathu, pamene misewu yafumbi ya ku Nambuma ndi kwa Kabudula imasanduka matope, mitsinje imadzaza, ndipo wa kabaza amene analonjeza kufika tambala woyamba akhoza kukanika kuoloka. Wochokera kumadera amenewa agone ku Lilongwe kapena ku Lumbadzi usiku woti mawa lake akwera ndege, ndipo afike mumzinda wa doko kutatsala tsiku lathunthu. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Pobwerera napo pafunika kudekha komweko. Sitima imakocheza m'mawa, koma anthu amatsika magulumagulu, ndipo mphepo ya ku Cape Town imadziwika ndi kuchedwetsa zombo polowa padoko. Ndege ya m'mawa wa tsiku lotsika, ngakhale itatsika mtengo chotani, ndi msampha. Sankhani ya madzulo, ndipo ngati palibe yolumikiza bwino ndi ya ku Lilongwe, gonani usiku wina.

Nthawi yogulira ndi kwacha yathu

Mitengo ya ndege zodutsa malire imawerengedwa m'madola, ndipo Mmalawi aliyense akumbukira mmene kwacha inagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti amene anazengereza anadzuka m'mawa napeza ndalama imene inakwana dzulo yaperewera. Kusowa kwa ndalama zakunja kunachititsanso makampani ena a ndege kuimitsa kwa kanthawi kugulitsa matikiti m'dziko muno. Pachifukwa chimenechi, ngati mwana wa kunja ndiye akulipira, nthawi zambiri nkwapafupi kuti agule tikiti ali komweko ndi khadi lake la kubanki, atayamba wafunsa ngati kampaniyo sidzafuna kuona khadilo pokwera.

Kwa mlimi wodzilipirira yekha, nyengo zimagwirizana mokoma. Msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimalowa m'miyezi yotsatira, ndipo sitima zimayamba mu Novembala. Motero nthawi imene thumba lili lolemera ndiyonso nthawi imene mipando yotsika mtengo ikadalipo, pakuti ndege iliyonse imagulitsa mipando yake m'magulu, ndipo gulu lotsika likatha limatsala lokwera. Pewani, ngati nkotheka, pakati pa Disembala ndi kuchiyambi kwa Januwale, pamene sukulu za ku South Africa zatsekera ndipo abale athu a ku Joni akukhamukira kumudzi kudzadya Khirisimasi, nabwereranso chaka chikangoyamba. Yesaninso kusuntha tsiku lonyamuka ndi limodzi kapena awiri, chifukwa mtengo umasintha tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi mphamvu ndi nthawi akhoza kupita pa basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, nabwerera pa ndege. Koma ulendo wa masiku awiri pampando si woti n'kusenzetsa nkhalamba pofuna kupulumutsa ndalama pang'ono.

Chenjeraninso ndi akamberembere amene amalengeza matikiti otsika modabwitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kusungitsa mpando ndi kugula tikiti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tikiti yolipiridwa kawirikawiri imakhala ndi nambala ya manambala 13, ndipo pamakhalanso chizindikiro cha zilembo ndi manambala 6 chimene munthu akhoza kulemba pa tsamba la kampani ya ndegeyo, naona dzina lake ndi masiku ake. Dzinalo lifanane ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo. Safunsa anadya phula.

Kwa olinga ku Ulaya

Mtumwi Paulo, popita ku Roma, anakwerera ku Caesarea, nasintha chombo panjira, nakhala miyezi itatu pa chisumbu cha Malta, natsikira ku Puteoli, namaliza ulendo wake pamtunda. Ndipo lero zombo zambiri za pa nyanja ya Mediterranean zimayamba ku Piraeus, doko la Athens, n'kukathera ku Civitavecchia, doko limene lili pafupifupi makilomita 80 kuchokera ku Roma. Pa maulendo otere tikiti ya multi-city imapambana kwambiri, chifukwa munthu wochoka ku Lilongwe amayenera ndithu kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kampani imene imafika kumizinda yonse iwiri ikhoza kumtula kwina ndi kudzamtenga kwina pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa ulendo wamba wobwerera.

Anthu a ku Namitete ndi Mpingu ali ndi mwayi wina umene a kumwera alibe: msewu umene umadutsa pakhomo pawo umatulukira ku Mchinji, ku Chipata, mpaka ku Lusaka, kumene kumatera ndege za Emirates ndi Qatar Airways zimene sizifika ku Lumbadzi. Nkoyenera kufunsa mtengo wa kumeneko. Koma pa mtengowo awonjezerepo basi ya tsiku lathunthu kupita ndi linanso pobwera, malo ogona ndi chakudya, ndipo akaona kuti chotsala nchochepa, akwerere kwawo.

Mapepala nawo ali ndi mtengo wake. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma ku Italy ndi ku Greece pafunika viza ya Schengen, imene imafuna umboni wa ulendo wobwerera ndi inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Makampani a sitima kawirikawiri amafuna pasipoti yokhala ndi miyezi 6 yotsala ulendo utatha, ndipo doko lililonse limene chombo chidzaimapo lili ndi malamulo a dziko lake. Wopita ku South Africa modzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, akakhala pabwalo maola oposa 12, adzafunsidwa chiphaso cha katemera wa yellow fever. Nchifukwa chake tikiti yosinthika tsiku, ngakhale ikwere pang'ono, iposa yotsika imene ndalama yake sibwezedwa, makamaka viza isanatuluke.

Mawu kwa ana ndi makolo

Inu ana amene muli kunja, chifundo chanu pa makolo nchokoma pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Koma musawatumizire chipinda cha m'sitima chokha n'kuwasiyira mtolo wa njira. Ndipo inu makolo, musaope kufunsa kufikira mutamvetsa. Ambuye anaphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerenga mtengo wake, ndipo akale anati mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi pamodzi, ngakhale pa lamya, mutenge pepala limodzi, mulembe njira zinayi zija m'mizere inayi, ndipo pansi pa uliwonse muike ndege, masutikesi, galimoto za kudoko, malo ogona, mapepala ndi minibasi yokufikitsani kumudzi. Mzere umene uli wotsika zonse zitaphatikizidwa, umenenso ukusiyirani tsiku lathunthu sitima isananyamuke, ndiwo mugule, ndipo mugule msanga.